Achinyamata Aphunzitsana za Edzi ku Chonde

Chonde ndi malo odziŵika bwino m'boma la Mulanje. Ali m'mbali mwa msewu wochokera ku Thyolo kupita ku Mulanje, kufupi ndi tauni ya Luchenza. Munthu akaima pa Chonde kunja kulibe mitambo, amaona phiri la Mulanje litatambalala chakum'maŵa. Pamalo ameneŵa pali msika, sukulu ndi chipatala chaching'ono. Pomwepo palinso likulu la Mulhako wa Alhomwe, kumene Alhomwe amasonkhana kudzavina tchopa ndi magule ena a makolo awo.

Pa Chonde pamakumana anthu ambiri: alimi, amalonda, apaulendo ndi ana a sukulu. Pamene pamakumana anthu ambiri pamafika zabwino ndi zoipa zomwe. Chimodzi mwa zoipa zimene zinafika m'dera limeneli, monganso m'madera ena onse a dziko la Malaŵi, ndi matenda a Edzi.

Mbiri ya matendaŵa

Madokotala a ku America anayamba kulengeza za matenda a Edzi m'chaka cha 1981. M'Malaŵi munthu woyamba kupezeka ndi matendaŵa anapezeka m'chaka cha 1985. Pa nthaŵi imeneyo kunalibe mankhwala othandiza odwala. Anthu ambiri anamwalira, ndipo ana ochuluka anasanduka amasiye nayamba kuleredwa ndi agogo awo. Anthu ankaopa ngakhale kutchula dzina la matendaŵa. Ena ankati ndi ufiti, ena ankati ndi tsempho.

M'chaka cha 2001 boma linakhazikitsa bungwe la National AIDS Commission kuti lizitsogolera ntchito yolimbana ndi Edzi. M'chaka cha 2004 zipatala za boma zinayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo otchedwa ma ARV. Kuyambira pamenepo imfa zinachepa kwambiri. Komabe vuto silinathe. Kafukufuku wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno, anthu pafupifupi 9 anali ndi kachirombo koyambitsa Edzi. M'boma la Mulanje chiŵerengero chinali chokwera kuposa pamenepa: pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu aliwonse. Pakati pa achinyamata, atsikana ndiwo amatenga kachiromboka kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wawo.

Kachirombo ka HIV

Edzi imayamba ndi kachirombo kotchedwa HIV. Ndi kakang'ono kwambiri kotero kuti sikaoneka ndi maso. M'magazi a munthu aliyense muli asilikali amene amalimbana ndi matenda. Kachirombo ka HIV kakaloŵa m'thupi, kamapha asilikali ameneŵa pang'onopang'ono monga momwe chiswe chimadyera nsanamira za nyumba. Kunja nyumba imaoneka yolimba, koma mkati nsanamira zikutha. Asilikali akachepa, munthu amadwaladwala chifuwa chachikulu, kutsekula m'mimba ndi matenda ena. Pamenepo ndi pomwe amati munthu ali ndi Edzi.

Kachiromboka kamafala m'njira zitatu. Njira yoyamba, imene ndi yaikulu, ndi kugonana ndi munthu amene ali nako. Njira yachiŵiri ndi magazi, monga pobwerekana malezala ndi masingano. Njira yachitatu ndi kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pa nthaŵi ya pakati, pobereka kapena poyamwitsa.

Magulu a achinyamata

M'zaka za m'ma 1990, m'sukulu za m'Malaŵi munayamba magulu otchedwa Edzi Toto. Maguluŵa anafika m'boma la Mulanje monganso m'maboma ena. Lero magulu a achinyamata ali ndi maina osiyanasiyana, ena ali m'sukulu, ena m'midzi, ena m'mipingo ndi m'mizikiti, koma ntchito yawo ndi imodzi: achinyamata kuphunzitsa achinyamata anzawo.

Chifukwa chiyani ntchito yotere inapatsidwa kwa achinyamata? Mwa mwambo, mwana sakamba nkhani za thupi lake ndi bambo kapena mayi ake. Ngakhale m'kalasi, mwana akhoza kukhala ndi funso, koma manyazi amamugwira pakamwa. Mnzake wa msinkhu umodzi samuopa. Amayendera limodzi popita kusukulu, amakatungira limodzi madzi kumjigo, amaseŵerera limodzi mpira. Ngati mnzakeyo akudziŵa zoona, mwana amamva zoona. Ngati akudziŵa zabodza, mwana amamva zabodza. Choncho n'kofunika kuti achinyamata ayambe adziŵa bwino nkhaniyi, kenaka auze anzawo.

Gulu limasankha lokha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Limakhala ndi mphunzitsi kapena munthu wina wamkulu woliyang'anira, koma oyendetsa msonkhano ndi achinyamata eni ake. Pamene akumana ndi funso lovuta, salota yankho. Amakafunsa alangizi a zaumoyo kapena anamwino kuchipatala, monga cha pa Chonde, nabwera ndi yankho loona pa msonkhano wotsatira.

Safunsa anadya phula

Pa msonkhano wa gulu lotere palibe funso lopusa. Mwana wamng'ono akhoza kukweza mkono nafunsa wapampando kuti, "Achemwali, kodi udzudzu ukaluma munthu wodwala Edzi, kenaka n'kuluma ine, sindingatenge kachiromboka?"

Wapampando wodziŵa ntchito yake sangamuseke. Adzayankha kuti, "Iyayi mng'ono wanga, sungatenge. Udzudzu umafalitsa malungo, koma sufalitsa HIV. Kachiromboka sikakhala ndi moyo m'thupi la udzudzu."

Wina akhoza kufunsa kuti, "Nanga kudyera mbale imodzi ndi munthu amene ali nako?" Yankho n'lakuti palibe choopsa. Munthu satenga HIV pogwirana chanza, pokhala pa desiki limodzi, pomwera chikho chimodzi, posambira limodzi kumtsinje kapena pogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. Ndiponso HIV sibwera ndi ufiti.

Funso lina limene limabwera kaŵirikaŵiri ndi lakuti, "Kodi munthu wonenepa ndi wooneka bwino angakhale ndi kachiromboka?" Inde angakhale nako. Munthu amatha zaka zambiri ali nako koma osadwala. Maso sangadziŵe. Njira yokha yodziŵira ndi kuyezetsa magazi, ndipo m'zipatala za boma kuyezetsa n'kwaulere komanso kwachinsinsi.

Pofuna kuthandiza ana amanyazi, magulu ena amaika bokosi pakhomo la kalasi. Mwana amalemba funso lake pa kapepala osalembapo dzina, naponya m'bokosimo. Pa tsiku la msonkhano mafunso onse amaŵerengedwa ndi kuyankhidwa.

Zimene amaphunzitsana

Phunziro loyamba ndi kudziletsa. Mwana wa sukulu sayenera kugonana ndi munthu aliyense. Thupi lake likukulabe, ndipo tsogolo lake lili m'maphunziro. Makondomu amateteza akuluakulu akagwiritsidwa ntchito moyenera, koma kwa mwana chitetezo chenicheni ndi kudikira mpaka atakula.

Phunziro lachiŵiri ndi kudziŵa kukana. Pali akuluakulu ena oipa mtima amene amanyengerera ana ndi ndalama, sopo, mandasi, foni kapena kuŵakweza njinga mwaulere. Mphatso zotere zili ngati nyambo ya pa mbedza. Achinyamata amayeserera kukana pochita maseŵero. Wina amakhala wonyengerera, wina amakhala mwana wa sukulu. Mwanayo amayang'ana wonyengererayo m'maso, nanena mokweza kuti, "Toto! Sindifuna," n'kuchokapo msangamsanga. Amene wayeserera kukana pakati pa anzake savutika kukana pamene ali yekha panjira.

Phunziro lachitatu ndi kusiyanitsa miyambo yabwino ndi yoipa. Kuchinamwali ana amalangizidwa ulemu, ukhondo ndi kugwira ntchito molimbika. Zimenezi n'zabwino. Koma kale anamwali ena ankauzidwa kuti akatuluka agonane ndi munthu kuti asase fumbi, ndipo ankaopsezedwa kuti akapanda kutero khungu lawo lidzatuŵa. Limeneli ndi bodza. Palibe mwana amene amadwala chifukwa chokana kusasa fumbi, koma amene wavomera akhoza kutenga HIV kapena mimba. Lamulo la HIV ndi Edzi la m'chaka cha 2018 limaletsa miyambo yofalitsa kachiromboka. Ndiponso kuyambira m'chaka cha 2017, malamulo aakulu a dziko salola munthu wosakwana zaka 18 kukwatira kapena kukwatiŵa.

Phunziro lachinayi ndi kuulula. Mwana akagwidwa malo obisika kapena akagwiriridwa, mlandu si wake ayi. Ayenera kuuza msanga kholo, mphunzitsi, mfumu kapena apolisi. Akhozanso kuimba foni mwaulere pa nambala ya 116, imene ndi yothandiza ana. Mwana wogwiriridwa apite naye kuchipatala asanathe maola 72, ndiko kuti masiku atatu, pakuti kumeneko kuli mankhwala amene amatsekereza kachiromboka kuti kasakhazikike m'thupi. Kuchedwa n'koopsa.

Phunziro lachisanu ndi kusamala ndi magazi. Aliyense akhale ndi lezala lakelake. Mnzake akavulala pa mpira, mwana asagwire magazi ndi manja, koma aitane mphunzitsi.

Kukonda anzawo

Pali ana ena amene anabadwa ndi HIV. Iwo sanalakwe chilichonse. Akamamwa ma ARV tsiku ndi tsiku osadumphitsa, amakula bwino, amaphunzira, ndipo amadzagwira ntchito monga wina aliyense. Mankhwalaŵa sapha kachiromboka konse, koma amakafooketsa kwambiri kotero kuti asilikali a m'thupi amachulukanso. M'zipatala zina muli magulu otchedwa Teen Club, kumene achinyamata otere amakumana, kulandira mankhwala ndi kulimbikitsana.

M'chaka cha 2011 dziko la Malaŵi linayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV, kuti azimwa moyo wake wonse. Malaŵi ndilo linali dziko loyamba kutsata njira imeneyi, ndipo maiko ena anatengerako. Chifukwa cha njirayi, ana ambiri a amayi otere amabadwa opanda kachiromboka.

Chimene chimapweteka kwambiri mwana amene ali ndi HIV ndi kusalidwa. Anzake akamamunena, akhoza kuleka sukulu kapena kusiya kumwa mankhwala poopa kuonedwa. Akasiya mankhwala amadwala. Choncho mamembala a gulu amaphunzitsana kusaseka mnzawo ndi kusaulula chinsinsi chake. Amaseŵera naye, amadya naye, ndipo akajomba kusukulu amakamuona kwawo. Lamulo lija la m'chaka cha 2018 limaletsanso kusala munthu chifukwa cha HIV.

Uthenga ufika kumudzi

Achinyamata sasunga nzeru zimenezi m'kalasi mokha. Amapeka nyimbo, ndakatulo ndi maseŵero. Amakonza mpikisano wa mpira wamiyendo ndi wamanja, ndipo pa nthaŵi yopumula amalankhula kwa anthu odzaonerera. Ng'oma ikalira pabwalo, makolo ndi mafumu amabwera, namva uthenga kuchokera kwa ana awo omwe. Pa 1 Disembala chaka chilichonse, tsiku limene dziko lonse lapansi lakhala likukumbukira za Edzi kuyambira m'chaka cha 1988, magulu ambiri amaonetsa zimene akonza.

Edzi ilibe katemera, ndipo mankhwala ochiziratu amene angaperekedwe kwa anthu onse sanapezeke. Koma njira zoipeŵera n'zodziŵika. Mwana wa Sitandade 5 wa ku Chonde, kapena wa kwina kulikonse, akadziŵa njira zimenezi nauzako mnzake mmodzi, wathandiza kale mudzi wake. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mawu ofunika kuŵadziŵa

Kafukufuku: ntchito yofunsa ndi kuyeza pofuna kudziŵa zoona zake za chinthu.
Kudziletsa: kusachita chinthu ngakhale ena akukukakamiza kapena mtima ukufuna.
Kunyengerera: kukopa munthu ndi mawu okoma kapena mphatso.
Kusala: kupatula munthu ndi kumuchitira zoipa chifukwa cha mmene alili.
Chinsinsi: nkhani yosayenera kuuza anthu ena.

Mafunso

1. Kodi Chonde ali m'boma liti, ndipo ali pafupi ndi tauni iti?
2. Kodi munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malaŵi anapezeka m'chaka chiti?
3. Fotokozani zimene kachirombo ka HIV kamachita m'thupi la munthu.
4. Tchulani njira zitatu zimene kachiromboka kamafalira.
5. Tchulani zinthu zinayi zimene sizifalitsa HIV.
6. Chifukwa chiyani mwana amamasuka kufunsa mnzake kuposa kufunsa makolo ake?
7. Kodi mwana amene wagwiriridwa ayenera kuchita chiyani, ndipo asanathe maola angati?
8. Kodi kusala mwana amene ali ndi HIV kungabweretse mavuto otani?

Ntchito

(a) Fotokozani tanthauzo la miyambi iyi: "Safunsa anadya phula" ndi "Mutu umodzi susenza denga."
(b) Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mawu aŵa: nsanamira, nyambo, kuulula, kuyeserera.
(c) M'magulu a anthu asanu, konzani seŵero lalifupi loonetsa mwana wa sukulu akukana mphatso ya munthu wonyengerera.
(d) Lembani kalata kwa mnzanu yomuuza zinthu zitatu zimene mwaphunzira m'nkhaniyi.