Mafunso ndi Mayankho: Ndalama ya Golide ya ku Klondike

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti mwana wawo amene ali ku Canada anawatumizira ndalama yagolide ya chaka cha 1996, yolembedwa madola 100, yokhala ndi chithunzi cha mzimayi akusefa mchenga m'mbale. Akufunsa kuti mzimayi ameneyu ndani?

Katswiri: Mayi, ameneyo ndi Kate Carmack, dzina la kwawo Shaaw Tláa, wa mtundu wa Tagish. Mu Ogasiti 1896, iyeyu, mchimwene wake Skookum Jim, mbale wawo Dawson Charlie ndi mwamuna wake George Carmack anapeza golide m'kamtsinje ka Rabbit Creek m'dera la Klondike ku Yukon, ku Canada. Kwa zaka zambiri ulemu unkapita kwa George yekha, poti anali mzungu, ngakhale ambiri amati woyamba kuona golideyo anali Skookum Jim. Mbiri itafika ku Seattle ndi San Francisco mu Julaye 1897, anthu pafupifupi 100,000 ananyamuka kukafuna golideyo, koma ofika ku tauni ya Dawson City m'dera la Klondike anali pakati pa 30,000 ndi 40,000 basi. Apolisi a ku Canada sankalola munthu kudutsa phiri la Chilkoot opanda chakudya cha chaka chathunthu. Katundu yense ankayandikira tani imodzi, ndipo ambiri ankamusenza kumsana pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo, m'chipale chofewa. Pofika, anapeza malo abwino atagwidwa kale. Eni nthaka, a Tr'ondëk Hwëch'in, anasamutsidwira ku Moosehide.

Muulutsi: Bambo wina wa ku Lilongwe ali ndi ndalama yomweyi. Akuti agulitse pa madola 100 omwe alembedwawo?

Katswiri: Ayi bambo, musayerekeze. Nambala imeneyo ndi ya mwambo chabe. Ndalamayi imalemera magalamu 13 ndi pang'ono, ndipo ndi ya makarati 14, kutanthauza kuti pa magawo 24, golide ndi 14, otsalawo ndi siliva. Golide weniweni alimo ngati magalamu 7.8, ndipo mtengo wake umaposa madola 100 kutalitali. Funsani mtengo wa golide wa tsiku limenelo musanakambirane ndi wogula aliyense.

Muulutsi: Awonjezeranso kuti yayamba kuzilala, akufuna kuikwecha ndi phulusa.

Katswiri: Phulusa ndi la mapoto, bambo! Mukaikanda, osonkhanitsa ndalama zakale adzakupatsani mtengo wa chitsulo chokha. Isiyeni m'kabokosi kake pamodzi ndi chikalata chake, ndipo poigwira muzigwira m'mbalimbali.