Kodi Mafilimu a Kuthambo Ali ndi Phata?

Funso: Akulu, mafilimu a kuthambo amandithobwa m'maso ndi ulemerero wake, komatu mtima ukayika: kodi si chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere?

Yankho: Bambo, ena alidi otero. Koma mu Interstellar, imene Christopher Nolan anatulutsa mu 2014 mothandizidwa ndi katswiri wa sayansi Kip Thorne, pamene woyendetsa chombo, Cooper, anatsikira pa dziko limene ola limodzi lilingana ndi zaka 7 za pansi pano, nabwerera m'chombo zitatha zaka 23, nakhala pansi kuonera mauthenga a ana ake amene anakula iye kulibe, misozi ili chuchuchu, ine ndinaiwala nyenyezi zonse zija, ndipo ndinatsala ndi tate wolira ana ake.