MATCHALITCHI A KU LAGOS NDI MSIKA WA AKAPOLO

Kumwera kwa dziko la Portugal, m'chigawo cha Algarve, kuli mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere dzina lake Lagos. Owerenga asausokoneze ndi Lagos wa ku Nigeria, pakuti uwu ndi mzinda waung'ono wa asodzi ndi amalinyero, umene makolo adauzinga ndi malinga a miyala. Kumeneko ndiko kwao kwa Gil Eanes, uja adapitirira ndi chombo pa Cape Bojador m'chaka cha 1434, natsekulira Apwitikizi njira ya ku Afrika. Nyumba zakale za mumzindamo zili ndi phunziro lalikulu kwa Akhristu.

Tchalitchi la Santa Maria

Pa bwalo lalikulu la mzindawo pali tchalitchi la Santa Maria, ndiye kuti Maria Woyera. Adayamba kulimanga m'chaka cha 1498 kuti likhale la bungwe la Misericórdia, ndiye kuti Chifundo, limene linkasamala odwala ndi amphawi ndi kuika maliro a anthu opanda abale. Pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Onse, chibvomezi choopsa ndi mafunde a m'nyanja zidagumula mzinda, ndipo tchalitchi lakale la parishi lidagwa. Kuyambira pamenepo Santa Maria lidasanduka tchalitchi la parishi.

Tchalitchi la Santo António

Kamtunda pang'ono kuchokera pabwalopo pali tchalitchi la Antonio Woyera, amene adabadwira ku Lisbon nafera ku Padua m'chaka cha 1231. Lidamangidwa m'chaka cha 1707, ndipo adalikonzanso m'chaka cha 1769 litaonongeka ndi chibvomezi chija. Kunja kwake silioneka lodabwitsa ai, koma m'kati makoma ake adawakuta ndi mitengo yosema yopaka golide, pamodzi ndi zithunzi za zozizwitsa za Woyerayo. Linali tchalitchi la asilikali, ndipo iwo adamkonda Antonio kwakukulu kotero kuti adalemba dzina lake m'buku la gulu lao ngati msilikali mnzao.

Mwana wa msodzi

M'malinga a mzinda muli chipata chotchedwa dzina la Gonçalo, mwana wa msodzi wa konkuja, amene adalowa chipani cha Augustino Woyera. Adadziwika pa kudzichepetsa ndi pa kuphunzitsa katekisimu kwa ana ndi kwa anthu wamba. Adamwalira ku Torres Vedras m'chaka cha 1422, ndipo Papa Pius VI adamtchula Wodala m'chaka cha 1778. Akatekisiti angathe kumtenga ngati chitsanzo chao.

Msika wa akapolo

Tsono pa bwalo lomwe lija la Santa Maria pali nyumba ina imene anthu amaitcha Mercado de Escravos, ndiye kuti msika wa akapolo. M'chaka cha 2016 adaikonza kuti ikhale yosungiramo mbiri ya ukapolo. Mbiri yake nayi. M'mwezi wa Ogasiti 1444, zombo za Lançarote de Freitas zidakocheza pa Lagos zili ndi anthu ngati 235 ogwidwa ku magombe a dziko limene lero ndi Mauritania. Adawatsitsa nawagawa m'magulu asanu, ndipo gulu limodzi lidapita kwa Henrique, mwana wa mfumu. Mlembi wa mbiri ya mafumu, Gomes Eanes de Zurara, adalemba kuti amai ankakangamira ana ao ali kukwapulidwa, ndi kuti mabanja adalekanitsidwa pamaso pa khamu la anthu. Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti ogwira akapolowo adapereka mmodzi wa iwo ku tchalitchi ngati chopereka chothokozera Mulungu.

M'chaka cha 2009, anthu okumba maziko kunja kwa malinga adapeza mafupa a Aafrika oposa 150 amene adatayidwa kudzala, ena ataoneka kuti adali omanga manja. M'mzinda umene bungwe lake la Chifundo linkaika maliro a amphawi, anthu amenewa adasowa wowakumbira manda.

Mau a Eklezia

Mkhristu asabise choonadi. M'chaka cha 1452 Papa Nicholas V adalola mfumu ya Portugal kugonjetsa anthu osakhala Akhristu ndi kuwasandutsa akapolo, ndipo chilolezo chimenecho chidadzetsa mabvuto osaneneka. Pambuyo pake Eklezia adalankhula mwina. M'chaka cha 1839 Papa Gregory XVI adaletsa malonda a akapolo. M'chaka cha 1888 Papa Leo XIII adalimbikitsa Kardinala Lavigerie kuyenda m'maiko a ku Ulaya kudzudzula malondawo, ndipo ansembe a chipani cha Lavigerie ndiwo adafika kwa Mponda m'chaka cha 1889, pamene akapolo ankaolotsedwabe pa nyanja ya Malawi. M'chaka cha 1992 Papa Yohane Paulo II, ali pa chilumba cha Gorée ku Senegal, adapempha chikhululukiro cha Mulungu chifukwa cha tchimo limeneli.

Phunziro lake

Amuna amene adagawana anthu ku Lagos anali obatizidwa, omva Misa, opereka mitulo yao. Adadzinyenga pomati ukapolo udzapulumutsa mitima ya ogwidwawo mwa ubatizo. Apa ndi pamene pali ngozi kwa Mkhristu wa nthawi iliyonse: kupatula chipembedzo ndi chilungamo, kugwada pa altare m'mawa ndi kupondereza mnzake madzulo. Munthu aliyense adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo Ambuye Yezu adzaweruza anthu potsata zimene adachitira ochepetsetsa mwa abale ake.

Wina pakumva izi angakhumudwe ndi Eklezia. Koma akale adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Eklezia ndi woyera chifukwa cha Mwini wake, ngakhale ana ake amachimwa, ndipo kubvomera tchimo ndicho chiyambi cha kulapa. Lero lomwe alipo ana ogwiritsidwa ntchito osalandira kanthu, atsikana okwatitsidwa chifukwa cha chuma, ndi achinyamata onyengedwa ndi malonjezo a ntchito kutali amene amakathera mu ukapolo. Mkhristu woona zotere nakhala chete afanana ndi khamu lija lidaima pa gombe la Lagos kungopenyerera.

Mafunso okambirana pa limana

1. Kodi ogwira akapolo aja adadzinyenga ndi maganizo otani?
2. Chifukwa ninji Papa Yohane Paulo II adapempha chikhululukiro ku Gorée?
3. Ndani m'mudzi mwanu amene akusungidwa ngati kapolo, ndipo Akhristu angamthandize bwanji?