PHUNZIRO: ASUNGWANA ANAI A KU BIRMINGHAM

Muyambe mwawerenga Mateyu 2:16-18 ndi Macitidwe 17:26.

Phunziro la mwezi uno licokera ku America, ku mudzi waukuru wa Birmingham m'dziko la Alabama. Kumeneko malamulo a masiku aja analekanitsa anthu akuda ndi azungu m'masukulu, m'nyumba zodyera, ngakhale pomwera madzi.

1. Cifukwa ninji adani anadza ku nyumba ya Mulungu? Cifukwa ndiyo inali bwalo la anthu akuda lokambirapo mabvuto ao. Mu May 1963 ana a sukulu mazanamazana anasonkhana m'nyumba yopemphereramo ya Baptist ya pa 16th Street, naturuka mwamtendere kukapempha ufulu. Bull Connor, woyang'anira apolisi, anawatumira agaru, nawagwetsa ndi madzi ozimira moto. Ambiri anaponyedwa m'ndende. Pamenepo odana ndi ufuluwo anaipenya nyumbayo ndi diso loipa.

2. Cimene cinacitika. Anthu a gulu la Ku Klux Klan anabisa wonga wophulitsira miyala pansi pa makwerero a nyumbayo. Pa tsiku la Mulungu, 15 September 1963, nthawi ya 10.22 mamawa, wonga unaphulika, nupha asungwana anai amene analikukonzekera mapemphero m'cipinda ca pansi: Addie Mae Collins, Cynthia Wesley ndi Carole Robertson, a zaka 14, ndi Denise McNair wa zaka 11. Sarah, mng'ono wace wa Addie Mae, anapulumuka, koma diso lace limodzi linaonongeka. Monga Herode anaopera ufumu wace napha makanda, momwemonso anthu awa anaopera ukuru wao napha ana.

3. Ciweruzo cinacedwa. Pofika 1965 apolisi a boma lalikuru anadziwa maina a anthu anai, koma mlandu unagona. Robert Chambliss anatsutsidwa mu 1977, Thomas Blanton mu 2001, Bobby Frank Cherry mu 2002. Herman Cash anafa mu 1994 wosaweruzidwa. Taganizani za makolo amene anadikira zaka zonsezi!

4. Mayankhidwe a Akristu. Pa maliro a atatu a iwo, Mbusa Martin Luther King anacenjeza anthu kuti asasunge mangawa kapena kubwezera, komanso kuti asakhale cete. Afunse za makhalidwe a dziko amene analera ambandawo. Imfa ya anawa inagwedeza mitima, ndipo mu 1964 boma linaika lamulo loletsa tsankho m'malo a anthu onse. Anthu a ku Wales anasonkha ndalama, natumiza mu 1965 zenera losonyeza Kristu wa khungu lakuda.

Abale, a gulu lija anadzicha Akristu, nanyamula mtanda kuti aopse nao anzao. Tisayese kuti nthenda iyi iri kutsidya kwa nyanja kokha. Munthu wonyoza mnzace cifukwa ca mtundu kapena cilankhulo cace wabzala mbeu yomweyo, ngakhale akhala pa mpando wa patsogolo m'nyumba ya Mulungu. Kukhululukira ndi lamulo la Ambuye, koma sikufafaniza mlandu pabwalo. Mkristu akhululuka, nacitirabe umboni coonadi.

Mafunso: Kodi mlendo wa mtundu wina alandiridwa bwanji mu mpingo wanu? Kodi ana anu amva mau otani pakamwa panu za anthu a mitundu yina? Mukaona wofoka alikusautsidwa, mulankhula kapena mukhala cete?