N'chifukwa chiyani udzudzu sufalitsa HIV?

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, funso ili limabuka kawirikawiri pa Biology: udzudzu umayamwa magazi a munthu amene ali ndi HIV, kenako n'kukaluma wina, nanga bwanji sumupatsira? Ine ndikuona kuti yankho lagona pa mmene vairasi imalowera mu selo.

Vairasi siingaswane payokha. Ilibe ma ribosome opangira mapuloteni, choncho imalowa mu selo yamoyo n'kugwiritsa ntchito zipangizo za mwini nyumba. Koma siimangolowa paliponse ayi. Kunja kwa selo kuli timapuloteni totchedwa ma receptor, ndipo vairasi imamatirira pokhapo pamene puloteni yake yakwanirana ndi receptor, ngati kiyi ndi loko. Kiyi wa ku laibulale sangatsekule ofesi ya ahedi.

Kiyi wa HIV ndi puloteni yotchedwa gp120. Loko wake ndi CD4, amene amapezeka makamaka pa maselo oyera a m'magazi otchedwa helper T cells, asilikali a m'thupi aja. Mukamva munthu akuti "andiyeza CD4", ndiye kuti achipatala awerenga maselo omwewa. CD4 yekha sakwanira, pamafunikanso loko wachiwiri, CCR5 kapena CXCR4. Onse awiri akagwira, chikuto cha vairasi chimalumikizana ndi cha selo, zam'kati n'kukhuthukira momwemo. Pamwamba pa khungu lathu pali maselo akufa okhaokha, opanda maloko amenewa. Ndiye wokana kupereka moni wa pamanja kwa mnzake amene ali ndi HIV akungomusala chabe.

Ikalowa, ntchito ikadalipo. HIV imasandutsa RNA yake kukhala DNA, n'kuilowetsa mu DNA ya selo pogwiritsa ntchito enzyme yotchedwa integrase. Dolutegravir, amene ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa kuno kwathu, amatsekereza pomwepa. Komanso selo iyenera kukhala ndi zipangizo zimene vairasiyo ikufuna. Akatswiri anaika CD4 ndi CCR5 za munthu pa maselo a mbewa: HIV inalowa ndithu, koma inalephera kuswana bwino chifukwa mapuloteni ena a mbewa sagwirizana nayo. Mfundo imeneyi ine imandisangalatsa koposa, poti ambirife timangoloweza za kiyi ndi loko basi.

Tsono udzudzu uja ulibe CD4. HIV ikafika m'mimba mwake imasowa polowera, imagayidwa limodzi ndi magaziwo ngati chakudya. Ndipo poluma, udzudzu umalavulira malovu ake, osati magazi a munthu woyamba uja. Vairasi ya yellow fever ndi yosiyana: imaswana m'maselo a udzudzu wa Aedes mpaka kufika m'malovu, n'chifukwa chake imafala polumidwa. Plasmodium ya malungo imachitanso chimodzimodzi mu Anopheles, koma chonde pa MSCE musakalembe kuti ndi vairasi. Imeneyo ndi protozoa.