Malangizo: Koimika galimoto m'tauni ya Zomba

Lero ndilankhule nanu, abambo ndi amayi oyendetsa galimoto mumzinda wa Zomba.

Tauniyi inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo inamangidwa galimoto zikadali zowerengeka. Msewu wa M3 wochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde umadutsa pakati penipeni. Mukaimika m'mphepete mwake, ati kuti mungothamangira ku banki, lole imasowa popita, a kabaza amapatukira koyenda anthu, mwana wasukulu nkumawoloka osaona chimene chikubwera kuseri kwa galimoto yanu. Kuyatsa mahazadi sikukulitsa msewu.

Ngati mukhalitsa, kaimikeni m'misewu yakuseri, kotsalako muyende wapansi. Malo a pakhomo pa sitolo asiyireni ogula, agogo ndi anzathu aulumali. Inunso eni masitolo, galimoto yanu ikamaswera pakhomopo mukuthamangitsa makasitomala anu omwe. Katundu tsitsani m'mamawa msika usanadzaze. A minibasi, anthu kakwezereni ku depoti.

Kulikonse kumene akulipiritsa, lipirani, koma musachoke osalandira risiti. Ndalama yopanda risiti sifika ku khonsolo.