Kabowo kamene kamayeza mapiri a pa chitsulo

Anzanga a fomu 2, mukukumbukira tsiku lija tinkaona khungu la anyezi pa maikulosikopu? Kalasi yonse pamzere, makina amodzi okha. Itakwana nthawi yanga ndinangoona chifunga. Ndikapotokola kogwirira kaja, mbali ina inkaoneka bwino, ina n'kuzimirira. Ndisaname, chithunzi cha m'kope mwanga ndinakopera kwa mnzanga. Aphunzitsi anati maso anga alibe vuto, koma kachidutswa kanga kanali kokhuthala, ndiye kuwala kochokera pamwamba ndi pansi pake kunkasakanikirana.

Ndinafunsa ngati mankhwala ake alipo. Akuti alipo. Munthu wina wa ku America, Marvin Minsky, analimbana ndi vuto lomweli ali ku Harvard, ndipo mu 1957 anakalembetsa makina amene lero amatchedwa confocal microscope.

Nzeru yake ndi iyi. Lenzi imasonkhanitsa kuwala pa kadontho kamodzi kokha ka chinthu chimene ukuonacho. Kuwalako kumabwerera kudzera mu lenzi yomweyo, koma kusanafike pa kachipangizo kolandira kuwala, kumakumana ndi chotchinga chokhala ndi kabowo kakang'ono zedi. Kuwala kochokera pa kadontho kaja kumakumaniranso pa kabowo penipeni, n'kudutsa. Kochokera pamwamba kapena pansi pa kadonthoko kumafika kutamwazika, ndiye kochuluka kumathera pa chotchinga. Chifunga chija chatha basi. Kuipa kwake, umaona dontho limodzi pa nthawi imodzi. N'chifukwa chake makina ambiri a masiku ano ali ndi laser ndi timagalasi toyendetsa donthoko mzere ndi mzere ngati munthu akubzala, ndipo kompyuta imalumikiza madonthowo kukhala chithunzi.

Chimene chinandikoka mtima ndi kuyeza. Mpeni umaoneka wosalala, koma uli ndi timapiri ndi tizigwa tosaoneka ndi maso. Makinawa amakweza lenzi pang'onopang'ono. Malo aliwonse amawala kwambiri pokhapokha kadontho kagwera ndendende pamwamba pake, ndipo kompyuta imalemba kuti lenzi inali pati nthawi imeneyo. Nsonga ya kaphiri imawala pa nthawi yake, chigwa pa nthawi yakenso. Pamapeto pamatuluka mapu onga a contour aja a mu Geography, kungoti sakuyeza mamita koma ma micrometre. Milimita imodzi ya pa rula yanuyo muigawe ka 1,000, kagawo kamodziko ndiye micrometre.

M'mafakitale amayeza motere zitsulo za injini ndi tizipangizo ta m'mafoni. Njira yakale imayendetsa kansonga ka dayamondi pamwamba pa chinthucho, ndipo ikhoza kukanda zofewa. Kuwala sikukanda. Komabe pamalo otsetsereka kwambiri ndi onyezimira kuwala kumathawira kumbali osabwerera mu lenzi, ndipo mapuwo amatsala ndi mipata.

Makinawa sindinawaonepo ndi maso, ndipo sindikuganiza kuti abwera pa JCE. Koma converging lens ndi reflection zili m'makope mwathu. Amene akufuna chithunzi cha kabowoka andipeze pa buleki, ndinajambula ndekha ulendo uno.